A Enos ndi Palafulezi

"Alendo olemekezeka, takulandirani ku malo ano a mpumulo. Mukudziwitsidwa kuti nkoletsedwa kusambira kupitirira mwala woyera. Mukudziwitsidwanso kuti ana onse..."

"Pepani bambo, chimbudzi chili mbali iti?" anawadula mawu mayi wina amene anali atanyamula mwana pachiuno, thukuta lili kamukamu.

A Enos Kalilangwe anasokonezeka. Anakonza kolala ya shati yawo yoyera, nayang'ana kudenga ngati mawu otsalawo analembedwa kumeneko.

"Alendo olemekezeka, takulandirani ku malo ano a mpumulo..."

Mayi uja anatembenuka nakachifuna yekha chimbudzicho. Mwamuna wake anatulutsa foni nayamba kuiseweretsa. A Enos sanasiye. Anapitirira mpaka anafika pa "zikomo chifukwa chomvetsera," ngakhale kuti womvetsera panalibe ndi mmodzi yemwe.

Umu ndi mmene a Enos ankalandirira alendo pa loji imeneyi, ya m'mbali mwa nyanja pakati pa Chintheche ndi Kande, chibwerereni kuchokera kwawo ku Ntcheu tsitsi likadali lakuda bii. Mwini wake woyamba wa lojiyo, mzungu amene anabwerera kwawo kalekale, anasiya pepala la malamulo a pagombe. Mbali ina inali ya Chingerezi, mbali inayo ya Chichewa chouma gwa, chonga cha pachikalata cha kukhoti. A Enos analoweza mbali zonse ziwiri osaphonya ndi kadontho komwe. Kuloweza ndiye inali mphatso yawo, ndipo ankanyadira nayo. Vuto linali lakuti munthu akawadula pakati, ulusi unkaduka, basi ankayambiranso pachiyambi. Anyamata a kukhitchini anawapatsa dzina lakuti Kaseti, ndipo ena achipongwe ankadutsa n'kutsokomola dala kuti awamve akubwerera mmbuyo.

Tsiku limenelo panali maso ena amene ankaonerera. Mayi Agness Mhone, manijala watsopano, anali ataima pakhomo la ofesi yawo atapinda manja. Anali mwana wa ku Nkhata Bay komweko, koma anagwira ntchito m'mahotela a ku Lilongwe, ndipo anabwera ndi kalumo kakuthwa monga achitira mlendo. Alendo aja atapita ku chipinda chawo, anawakodola a Enos.

"Bambo Kalilangwe, khalani pansi. Mayi uja wamva chiyani pa zonse mwanenazi?"

"Ndanena zonse, madamu. Sindinasiye ndi limodzi lomwe."

"Sindinafunse zimene mwanena. Ndafunsa zimene iye wamva."

A Enos anayang'ana nsapato zawo.

"Tamverani," anatero Mayi Agness mofatsa. "Malamulowo ndi abwino, sindikuchotsapo ngakhale limodzi. Koma sindikufunanso kumva pepala likulankhula. Ndikufuna palafulezi. Sabata yamawa ndi Tsiku la Anakubala, kukubwera basi yodzaza kuchokera ku Lilongwe, anthu a ofesi ina ndi amayi awo ndi ana awo. Mudzawalandira ndinu, ine ndili pambali. Akadzakumverani, kutsogolo kuno ndi kwanu. Akadzakutembenukirani msana ngati mayi uja, ndiikapo munthu wina, inu mupita kochapa."

Kochapa! Mawu amenewa anawalasa a Enos pamtima. Kochapa kunali kuseri kwa khitchini, kumene munthu ankatha tsiku lonse atawerama pa nsalu za pabedi, mlendo osamuona n'komwe. Munthu wa imvi, amene ku tchalitchi ankamutchula kuti bambo wa pa resepishoni, akayambe kuyanika mapilo? Ndiponso malipiro a kumeneko sakanatha kumusunga Mercy, mwana wawo, pa koleji ku Mzuzu.

"Mwamva, bambo Kalilangwe?"

"Ndamva, madamu. Palafulezi. Palibe vuto."

Anatuluka akugwedeza mutu ngati munthu amene mawuwo anakula nawo. Kunena zoona, aka kanali koyamba kuwamva.

Kunyumba anapeza akazi awo, a Bessie, atakhala pamkeka pakhonde akusankha mpunga wa ku Limphasa woti akagulitse pamsika wa Chintheche. A Bessie anali mayi wa pakamwa posachedwa, ndipo nkhope ya amuna awo ankaiwerenga asanafike n'pakhomo pomwe.

"Abambo a Mercy, nkhope imeneyi ndi ya maliro kapena ya m'mimba?"

A Enos anafotokoza zonse, mawu a manijala akuwabwereza ndendende mmene anatulukira.

"Ndiye palafuleziyo n'chiyani? Ndi mankhwala? Timugule ku golosale?"

"Ndi mawu a ntchito, mayi a Mercy. Simungawamve."

"Inu mwawamva?"

A Enos anawerama nayamba kutola timiyala mumpunga.

"Ndinadziwa," anaseka a Bessie. "Munthu n'kuvomera chinthu osachidziwa, kuopa kuti shati yoyera ichita manyazi. Safunsa anadya phula, bambo. Aphunzitsi ali apo, pitani musanadye lanu."

A Lester, mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ya masana, ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Anali wa ku Dowa, ndipo boma litawatumiza kunyanja anafika akudandaula kutentha, mpaka lero sanasiye. A Enos anawapeza pansi pa mtengo wa mango akuchonga makope, thaulo lili pakhosi.

"Palafulezi?" anatero a Lester, akuvula magalasi. "Mawu amenewa ndi amene akundimeretsa imvi ku Fomu 3. Ndi achingerezi. Tanthauzo lake ndi kunena zimene wina wanena kapena walemba, koma m'mawu akoako. Katundu akhale yemweyo, thumba lokha ndiye lisinthe."

"Ndiye kuti chidule?"

"Ayi. Pachidule umataya zina n'kusunga mitu yokha. Apa sutaya kanthu, suonjezeranso zako. Sikumasuliranso, poti ukhoza kuchita palafulezi osachoka m'Chichewa momwemo. Mwachitsanzo, adokotala akati mankhwala awa amwedwe m'mimba muli chakudya, inu mukafika kunyumba mumati, mayi a Mercy, anena kuti ndiyambe ndadya. Mwachita palafulezi pamenepo."

"Basi? Kungosintha mawu?"

"Eya, koma choyamba munthu uyenera..."

A Enos anali ataimirira kale. Mtima unali utakhala m'malo. Kusintha mawu ndiye kungawavute iwo, munthu amene analoweza pepala lathunthu mbali zonse? Anathokoza n'kumapita, a Lester akadali kukamwa yasa.

Masiku otsatirawo a Enos anakhala pa ntchito yaikulu. Liwu lililonse la papepala lija ankalizula n'kubzalapo mbale wake. Akamaliza mzere ankauloweza, akuyenda uku ndi uku kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuwathawa. Atakhutira, anakagogoda pa ofesi ya manijala, anaima njo, manja kumbuyo.

"Obwera aulemu, takufikitsani pa dera lino la kupuma. Mukuuzidwa kuti nkosaloledwa kuyandama kudutsa thanthwe lotuwa. Mukuuzidwanso kuti achichepere onse..."

Mayi Agness anayesetsa kudzigwira, koma phwete linawapulumuka. Anapukuta misozi ndi nsonga ya chala.

"Pepani bambo, sindikukunyozani. Mwavutika, ndaona. Koma ndikufunseni kanthu kamodzi. N'chifukwa chiyani nkoletsedwa kupitirira mwala uja?"

"Chifukwa ndi lamulo, madamu."

"Kuseri kwa mwalawo kuli chiyani?"

Papepala sanalembepo zimenezo. Mwalawo a Enos ankauona tsiku ndi tsiku ali pakhonde la resepishoni, utatumphuka m'madzi chapatali pang'ono ndi gombe, koma zaka zonsezi nyanja anali asanaiponde kupitirira mu akakolo. Ankaiopa, ndipo ankasamba madzi a mu ndowa ngati ali kwawo kumapiri.

"Mawu a munthu wina simungawanene m'mawu anu ngati simukudziwa chimene mwini wake ankatanthauza," anatero Mayi Agness. "Masiku akutha, bambo Kalilangwe."

Madzulo a tsikulo a Enos anafika kunyumba mapewa atagwa. A Bessie sanaseke ulendo uno. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anakung'untha lichero.

"Ine mpunga uwu ndikamagulitsa sindiloweza kanthu. Ndinauphika, ndinaudya, ndiye wogula akafunsa pakamwa pamadziyankhira pokha. Inu mukugulitsa mwala umene simunaufike. Pitani kwa ada Trust a boti aja akakuonetseni."

"Mu boti? Ine?"

"Nanga mukufuna mupite pa njinga? Sankhani, bambo, madzi a m'nyanja tsiku limodzi kapena madzi a sopo mpaka penshoni."

Ada Trust Manda anali woyendetsa boti la pa lojiyo, Mtonga wa ku Kande, wamfupi, wa manja ngati zikuni. Anayamba ntchito pamalopo a Enos asanabwere. Mmawa mwake atamva pempholo, anaseka mpaka anakhala pamchenga.

"Ada Kalilangwe mu boti! Lero kugwa mvula mu Okutobala. Palivi suzgu, ada, palibe vuto, kwerani. Maji saluma munthu amene wawapatsa ulemu."

Anawaveka jekete yoyandamitsa pamwamba pa shati, naimanga zolimba. Kenaka anaponya mu boti nsungwi yaitali imene ankakankhira boti pamalo osaya. A Enos anakwera chokwawa, nagwira mbali zonse ziwiri za boti, akupemphera chamumtima. Ada Trust sanalize injini. Anapalasa pang'onopang'ono mpaka anafika pafupi ndi mwala uja, ndipo apa ndi pamene a Enos anaona kuti kuyera kwake konse kunali zitosi za mbalame za m'madzi.

"Tengani nsungwi, ada. Pimani pansi."

A Enos anaiviika m'madzi. Inagunda mchenga msangamsanga. Ataitulutsa, ponyowa panali pofika m'chiuno mwa munthu.

"Apa ndi posewera ana," anatero ada Trust. Anapalasa kawiri kokha, boti linadutsa mwala. "Pimaninso."

Nsungwi inalowa. Inalowabe. A Enos anawerama, dzanja linalowa, chigongono chinalowa, mpaka madzi anafika paphewa, koma pansi osapagunda. Madzi a kumeneko anali ozizira ngati a mufiriji, ndipo mtundu wake unali utasintha, wobiriwira uja utasanduka wakuda. Anaitulutsa nsungwi msanga.

"Anthu a kumtunda mumaganiza kuti nyanja imatsika pang'onopang'ono ngati mbale," anatero ada Trust. "Pano cha, sizili choncho. Pano imaduka ngati khonde la nyumba. Munthu akuyenda bwinobwino akuseka, phazi lotsatira palibe poponda. Akadzidzimuka amamwa maji, basi nkhani yatha. Mzungu uja pepala lija sanalembe posangalala, ada. Analemba sabata imene tinavuula mnyamata wa ku Kasungu pompano. Anabwera ndi anzake kudzasangalala atamaliza mayeso, anali atamwako pang'ono. Ine ndinagwira miyendo. Amama ake anabwera kudzatenga thupi pa lole ya chimanga."

A Enos anayang'ana madzi akudawo. Anamva chisoni, ndiponso manyazi. Zaka zonsezi ankanena za imfa ya mwana wa munthu ngati akuwerenga mitengo ya sopo.

Atayamba kufunsa sanathenso kusiya. Nanga za ana? Nanga za mabotolo pamchenga? Ada Trust anatukula phazi nawaonetsa chipsera chachitali kuchidendene. Nanga jekete, munthu wodziwa kusambira n'kuivaliranji? Ada Trust anati boti likagubuduka limayamba lakumenya m'mutu, ndipo munthu wokomoka sasambira ngakhale atabadwira m'madzi. Pobwerera kugombe a Enos anali atasiya kugwira mbali za boti. Thalauzi inali itanyowa, koma sanaisamale.

Tsiku la Anakubala linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Basi ya ku Lilongwe inafika chakummawa, nyimbo zikugunda, ndipo anthu anatsika ngati njuchi. Panali amayi achikulire ovala zitenje zofanana, ana onyamula mipira ndi machubu, abambo onyamula mabokosi a zakumwa awiriawiri. Wotsogolera gululo anali a Limbani, bambo wamtali, wa mimba ya bwino ndi mawu a pamsonkhano.

"Nyanja ija ndi imeneyi! Amayi, lero muona mwana wanu akusambira. Ine ndinaphunzirira mu Bua, osati zamasewera!"

Mayi Agness anaima pambali pa khonde, manja atapinda monga mwa masiku onse. Anawagwedezera mutu a Enos kuti ayambe.

A Enos anaona kuchuluka kwa khamulo. Zonse zimene anakonza mumtima zinauluka, ndipo pakamwa panathamangira njira yake yakale.

"Alendo olemekezeka, takulandirani ku malo ano a mpumulo. Mukudziwitsidwa kuti..."

Palibe anatembenuka. Ana anali atayamba kale kuvula nsapato. Mtsikana wina ankajambula anzake pa foni. Bambo wina anafuula kuchokera kumbuyo, "Akulu, chotsegulira mabotolo chili kuti?"

Ulusi unaduka. A Enos anamva lilime likubwerera lokha ku "Alendo olemekezeka," ndipo anaona Mayi Agness akuyang'ana pansi. Kenaka anaona kamtsikana kovala chubu chofiira kakuthamangira kumadzi kokhakokha, molunjika mwala uja. Mantha a ntchito anachoka, panabwera mantha ena.

"Gwirani mwana uyo!" anakuwa ndi mawu amene iwo eni sankadziwa kuti ali nawo. Mayi wina anathamanga nakamugwira. Anthu onse anatembenuka. A Enos anatsika pakhonde, anapita pamene panali boti, nabwera ndi nsungwi ija ili paphewa.

"Chotsegulira chili ku bala, bambo, muchipeza. Koma poyamba ndifunse. Wamtali kuposa onse pano ndani?"

Anthu anaseka n'kukankhira a Limbani kutsogolo. A Enos anaimika nsungwi pambali pawo. A Limbani, ndi utali wawo wonse, sanafike ndi theka lomwe.

"Mukuuona mwala uwo, umene mbalame zaupaka laimu? Mbali ino ya mwalawo madzi ndi a m'chiuno. Sewerani mmene mungafunire, mpaka zala zichite makwinya. Koma mukangoudutsa, pansi pamatha mwadzidzidzi. Nsungwi iyi imalowa yonse, ndi mkono wanga womwe, mchenga osaupeza. Sindikunena zomva. Ndinaiviika ndekha sabata yomwe ino, ine mwana wa ku Ntcheu amene madzi ndimawadziwira mu ndowa."

Kuseka kunabuka, koma maso onse anali pa nsungwi. Wina anazimitsa nyimbo.

"Nanga ife odziwa kusambira?" anafunsa a Limbani, akusisita mimba.

Mayi Agness anadzutsa mutu. Apa ndi pamene a Enos ankagwera masiku onse.

"Bua ali ndi tsidya, bwana," anayankha a Enos osaphethira. "Mukatopa mumagwira bango. Uku tsidya lake ndi Mozambiki. Mnyamata wina wa ku Kasungu anatsalira pamenepo, mayi ake anabwera kudzatenga thupi. Lero ndi tsiku loti amayi alandire zitenje, osati mitembo."

Mayi wina wachikulire, wovala duku lobiriwira, anati "Ee, nenani bambo," ngati ali m'tchalitchi. Amenewa anali aNachisale, amayi awo a Limbani.

A Enos anapitirira, ndipo mawu ankangobwera okha. Anati mwana aliyense asewere pamene dzanja la kholo lake lingamufike, chifukwa chubu ndi mphepo ndi paubwenzi, zimatengana osatsanzika. Anati amene watsegula botolo wasankha mthunzi, akhale pansi pa mtengo aziwombera m'manja osambira, poti mowa ndi nyanja zili ngati akazi a pamitala, sizikhalira nyumba imodzi. Anati mabotolo asafike pamchenga, ndipo wokayika akapemphe ada Trust amuonetse chidendene. Ada Trust anatukula phazi ali pa boti, ana nathamangira kukaona. Pomaliza anati boti silinyamuka ngati pali munthu mmodzi wosavala jekete, kaya ndi bwana wa ofesi kaya amasambira ngati chambo.

Mafunso anagwa ngati matalala. Kodi ng'ona ziliko? Kodi agogo angakwere nawo boti? Kodi chimbudzi chili kuti? A Enos ankayankha lililonse n'kubwerera pamene anasiyira, osaphonya. Atamaliza, amayi a zitenje zofanana aja anaimba nthungululu. A Enos anamva kukoma kumene anali asanakumvepo chiyambireni ntchito, kukoma koti anthu akukumvera.

Koma mawu amayesedwa ndi zochitika. Dzuwa litafika pamutu, abambo anayamba mpira wa m'madzi. Wina anaumenya mwamphamvu, unakagwera kuseri kwa mwala, kamphepo n'kuyamba kuukankhira kutali. Mwana wa a Limbani, mwini mpira, analira. A Limbani anauyamba ulendo, madzi ali m'chiuno, akukankha ndi mimba.

"Ndikautenga, ndi pafupi pomwepa!"

A Enos anali pakhonde, patali. Anayamba kuthamanga, koma anadziwa kuti safika. Ada Trust anali kumbali ina akumangirira alendo majekete. Amene anali pafupi anali aNachisale, atakhala m'mphepete mwa madzi miyendo atatambasula. Anadzuka ndi liwiro losayenera msinkhu wawo.

"Limbani! Ima pomwepo! Sunamve bambo aja? Kuseri kwa mwalawo kulibe pansi, kuli dzenje lomeza nsungwi! Mpira ndigula wina ku Lilongwe, koma iwe ndikakugula kuti?"

A Limbani anaima, dzanja lili pamwala. Mwina anafuna kuseka. Anatambasula phazi limodzi kutsogolo kuti ayese, ndipo onse anaona nkhope yawo ikusintha. Phazilo silinapeze kanthu. Anakumbatira mwala ndi manja onse awiri, zitosi ndi zitosi zomwe, nabwerera chafutambuyo mpaka madzi anafika m'mawondo. Ada Trust anakankha boti nakautenga mpira uja.

A Limbani anatuluka m'madzi chifuwa chili mbuu, akupuma mwa befu. Anthu anayamba kuwaseka, iwonso anaseka nawo, koma anapita molunjika kwa a Enos nawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Akulu, kuzizira kwake kumene kuja ndakumva kuphazi. Mukanangoti nkoletsedwa, ine ndikanapita. Zoletsedwa timaziona tsiku ndi tsiku m'tauni."

ANachisale anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa mtedza wokazinga umene anabwera nawo wa paulendo, nawathira a Enos m'manja.

Basi itanyamuka, anthu ake onse ali okwana, Mayi Agness anawaitana a Enos mu ofesi. Pa tebulo panali pepala lakale lija.

"Ndimakutsatirani mzere ndi mzere," anatero. "Mwala, ana, mowa, mabotolo, majekete. Simunasiye kanthu. Za Mozambiki zokha ndiye mulibe umu, koma ndakukhululukirani."

"Ndiye kuti ndachita palafulezi, madamu?"

"Mwachita. Ndipo mayi achikulire aja achitanso palafulezi ya palafulezi yanu, mwana wawo n'kupulumuka. Kochapa kuiwaleni, bambo Kalilangwe. Kutsogolo kuno ndi kwanu, ndipo kuyambira lero onse olandira alendo ali pansi pa inu."

Ndi chimwemwe, a Enos anangoti "Zikomo, madamu," kawiri.

Mayi Agness anatenga cholembera ndi pepala loyera. "Tsopano nenaninso pang'onopang'ono zonse munanena zija, ndilembe. Ndikazitayipa, ndiwapatse anzanuwa aloweze."

A Enos anayang'ana cholemberacho. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kuganiza zokana mawu a bwana.

"Pepani madamu, musalembe."

"Bwanji?"

"Mawu amenewo ndi anga, ndinakawatenga ndekha kuseri kwa mwala. Mukawapatsa wina aloweze, adzauma ngati a papepala lakalelo, ndipo tsiku lina mlendo adzamutembenukira msana n'kukalowa m'dzenje muja. Pepala lakale likhalepo, aliyense aliwerenge. Koma wofuna kulandira alendo ayambe wakwera boti."

Mayi Agness anatseka cholembera.

Mmawa mwake, atsikana awiri a pa resepishoni ndi mnyamata wa ku bala anapezeka pagombe atapinda zovala, akuyang'anizana mwamantha. A Enos anawamanga majekete mmodzimmodzi, nakwera nawo. Ada Trust anapalasa mpaka boti linadutsa mwala, pamene madzi amasanduka akuda. A Enos sanafotokoze kanthu. Anangomuuza mtsikana amene anakhala kutsogolo kuti apime yekha pansi ndi nsungwi ija, akalephera kupapeza awauze anzakewo chimene waona.